Chilombo cha mu Alien chidali munthu, dzina lake Bolaji Badejo

Mukafunsa munthu wokonda kanema wa Alien, uja adatuluka mu Meyi 1979, kuti akutchulireni amene adasewera m'menemo, amayamba ndi Sigourney Weaver. Kenako John Hurt, chifukwa palibe amaiwala zimene zidamuonekera pa tebulo la chakudya. Amatsatira Tom Skerritt, Ian Holm, Yaphet Kotto, Harry Dean Stanton ndi Veronica Cartwright. Akakwana asanu ndi awiri amaima, ndipo ena amawonjezerapo mphaka wa m'chombomo, Jones. Wotsala ndi uja adasewera chilombo chenichenicho, mwini wake wa mutu wa kanemayo: Bolaji Badejo, mnyamata wa ku Lagos ku Nigeria yemwe pa nthawiyo ankaphunzira luso lojambula ku London.

Dzina lake lilipo ndithu pa mndandanda wa kumapeto kwa kanemayo, palibe adalifufuta. Chimene chimandiwawa ndi malo amene anthu adamuika akamakamba za Alien. Amatchulidwa m'gulu la tinkhani tokometsera macheza, limodzi ndi zakuti dovu la chilombocho lidali mafuta a K-Y Jelly, ndi zakuti minyewa ya m'nsagwada zake idali makondomu ong'ambang'amba. Zonsezo n'zoona ndipo zimakoma kumva. Koma ine ndikuti Badejo adali wosewera wachisanu ndi chitatu wa kanemayu, ndipo ntchito yake iyenera kuyezedwa pa sikelo imodzi ndi ya anzake asanu ndi awiri aja.

Kwa amene sanaonerepo, nkhani yake ndi yachidule. Nostromo ndi chombo chamalonda cha m'mlengalenga chimene chikukoka fakitale yoyenga miyala ya m'migodi, matani 20 miliyoni, kubwerera nayo kudziko lapansi. Antchito ake ali m'tulo ta miyezi yambiri pamene kompyuta ya m'chombomo, imene amaitchula Mother, ikuwadzutsa kuti akaone kumene kukuchokera chizindikiro chachilendo. Atsikira pa kadziko ka mphepo ndi mdima, apeza chombo china chakalekale chodzaza ndi mazira, ndipo Kane, amene ndi John Hurt uja, aweramira dzira limodzi. Chotulukamo chimukakamira kumaso. Ripley, amene ndi Sigourney Weaver, akana kuwatsegulira chitseko potsata lamulo loteteza chombo ku matenda, koma Ash, mkulu wa za sayansi amene ndi Ian Holm, awatsegulira. Kuchokera pamenepo ndi maliro okhaokha.

Dan O'Bannon, amene adalemba nkhaniyi mothandizana ndi Ronald Shusett, adali atalawa kale manyazi a chilombo chosaopsa. Mu Dark Star wa 1974, kanema amene adapanga ndi John Carpenter ndalama zili zochepa, cholengedwa cha kudziko lina chidali mpira wopopa woseweretsa kugombe, wopakidwa utoto n'kuikidwa zikhadabo. Ankafuna tsiku lina adzapange chooneka chenicheni. Ali ku Paris pa ntchito ya kanema wa Dune wa Alejandro Jodorowsky, amene adathera m'malere, adaona zojambula za H. R. Giger wa ku Switzerland, m'mene mafupa, mapaipi ndi ziwalo za munthu zimalukanalukana mpaka osadziwa pamene mnofu wathera ndi pamene chitsulo chayambira. Kampani ya 20th Century Fox idayamba yazengereza, koma Star Wars itakolola ndalama mu 1977 mabwana adafuna msanga nkhani ina ya m'mlengalenga, ndipo yomwe idali pa desiki pawo idali imeneyi. Ntchito yotsogolera kanemayu idagwera Ridley Scott, amene adali atangopangapo kanema mmodzi, The Duellists. Scott adajambula pamapepala, chithunzi ndi chithunzi, mmene ankafunira kuti zinthu zioneke. Mabwana ataona adawirikiza ndalama, kuchoka pa madola 4.2 miliyoni kufika pa 8.4 miliyoni, ndipo pomaliza zidakafika cha m'ma 11 miliyoni.

Maonekedwe a chilombo adatengedwa pa chithunzi cha Giger chotchedwa Necronom IV. Koma chithunzi sichiyenda. Mu 1978 kudalibe kompyuta yoti n'kuchiyendetsa, kotero padafunika munthu woti alowe m'kati. Apa ndi pamene Scott ankaopa kwambiri, ndipo adali ndi chifukwa. Makanema a zilombo a m'ma 1950 adadzaza ndi amuna ovala zovala za mphira, ndipo woonera akangozindikira mapewa, mawondo ndi kaponyedwe ka phazi ka munthu mnzake, mantha amasanduka phwete. Adayang'ana anthu ataliatali osiyanasiyana, ndipo ngakhale Peter Mayhew, uja adavala Chewbacca mu Star Wars, adaganiziridwapo. Kenako mmodzi mwa ofunafuna osewera adaona Badejo m'bala ina ku Soho, dera la mu London: wamtali mamita 2.08, wowonda, mikono ndi miyendo yotalika kwambiri moti atavekedwa chovala zinkavuta kukhulupirira kuti m'katimo muli munthu.

Nkhani ya m'bala imeneyi ndi imene imafotokozedwa kawirikawiri, ndipo imafotokozedwa ngati kuti adatola chinthu panjira. Otsutsa amaima pomwepa. Amati munthuyu sadali wa zisudzo, adasankhidwa chifukwa cha msinkhu, ndiye luso lake lili pati? Ndikufunsa: ndani mwa osewera amene sasankhidwa poyamba chifukwa cha thupi lake? Harry Dean Stanton adabweretsa nkhope yotopa ya munthu amene wakhala zaka zambiri akugwira ntchito ya spana. Weaver, amene adali asanakhalepo wosewera wamkulu m'kanema, adabweretsa msinkhu wake ndi maso osagwedezeka. Thupi limatsegula khomo lokha. Chimene timayeza ndi chimene munthu wachita nalo atalowa.

Badejo atalowa adaumbidwa thupi lonse ndi pulasitala kuti chovala chimukwane iye yekha. Adatumizidwa kukaphunzira tai chi, masewera a ku China oyendetsa thupi pang'onopang'ono, ndi zisudzo zopanda mawu, osati kuti akhale wamphamvu kapena wachangu, koma kuti aphunzire kuchedwa. Limenelo ndilo gwero la mantha a mu Alien, ndipo ambiri saliona. Chilombochi sichithamangitsa munthu. Chimadzuka pang'onopang'ono, kufunyulula mkono, kupendeketsa mutu wopanda masowo ngati chikuganizira, ndipo pamene wazindikira kuti chimene umayesa paipi chikupuma, nthawi yatha. Ife amene tidaimapo m'mphepete mwa bwalo Gule Wamkulu akutuluka sitifunika kuuzidwa zimenezi. Chimene chimabalalitsa ana si nkhope yokha ayi, ndi kaimidwe, kagwedezedwe ka mapewa, kachetechete kaja kamadza chilombo chisanatembenuke. Giger adapanga nkhope. Kaimidweko kadali ka Badejo.

Ndipo adakapereka ali m'mavuto oti ambiri a ife sitikadapirira. Kujambula kudachitikira ku Shepperton Studios ku England kuyambira Julayi mpaka Okutobala 1978, pansi pa magetsi otentha, m'tinjira topanikiza todzaza utsi. Iye mwini adauza magazini ya Cinefantastique kuti mutu wa chilombocho akauvala sankaona bwino, ndipo kutentha kwake kunkamulola kukhala nawo mphindi 15 kapena 20 zokha. Mchira udali wolumikizidwa ku chovala moti sankatha kukhala pampando. Adachita kumupangira katungwe woti azipumirapo. Pa chithunzi chomaliza chija, pamene Ripley akuyesa kuti wapulumuka m'kachombo kakang'ono ka Narcissus koma chilombo chadzipinda pakati pa mapaipi a m'khoma, amene adapindidwa m'menemo ndi iyeyo, munthu wa mamita awiri ndi kanthu. Potuluka chovala chinkang'ambika, mchira n'kuthothoka, akonze, alowenso. Kaoneninso chithunzi chimenecho. Dzanja likugwa kuchokera m'khoma, kenako thupi likutsika mosafulumira ngati kuti Ripley sakuchidetsa nkhawa n'komwe. Kusafulumira kumeneko pali munthu amene adakuchita, akutuluka thukuta, asakuona kumene akuponda.

Tsopano mbali ina, chifukwa ili ndi mfundo zake ndipo sindizibisa. Chilombo chachikulu chimaoneka mphindi zochepa kwambiri m'kanema wa pafupifupi maola awiri. Pa zithunzi zina m'chovalamo mudali Eddie Powell kapena Roy Scammell, akatswiri a zoopsa, makamaka pamene pankafunika kulendewera pa zingwe. Zithunzi zapafupi za mano ndi lilime lija lili ndi kamwa lakelake ndi za mutu wamakina umene adapanga Carlo Rambaldi, wokhala ndi tizigawo toyenda pafupifupi 900, kutsogolo kwake ataikako chigaza chenicheni cha munthu. Scott ndi Terry Rawlings, amene ankadula ndi kulumikiza zithunzi, adataya zambiri zimene Badejo adajambulidwa, chifukwa zinkaonetsa poyera kuti ndi munthu. Ndiye wina anganene kuti chilombocho ndi ntchito ya gulu, ndipo mnyamatayu adali kachigawo chabe.

N'zoona, ndi ntchito ya gulu. Koma tiyeni tigwiritse muyezo womwewo pa John Hurt. Chithunzi chimene chidamusiyira mbiri m'kanemayu, chija kachilombo kakubowola chifuwa chake anthu akudya, thupi limene mukuliona pa tebulo si lake. Iye adali pansi pa tebulo, mutu ndi mikono yokha zili pamwamba. Chifuwacho chidali chopanga, chodzazidwa ndi zam'kati za nyama zogula kubutchala, ndi timapaipi topopa magazi abodza. Kachilomboko kadali kachidole ka Roger Dicken. Anzake ankadziwa kuti chinachake chituluka, koma sadauzidwe kuti magazi athovoka motani, ndipo Veronica Cartwright atamuwaza kumaso, kukuwa kwake kudali kwenikweni mpaka adagwa chagada. Ndiye pa chithunzi chonsecho, gawo la Hurt ndi nkhope ndi kuphupha kwa mikono basi. Kodi alipo adanenapo kuti John Hurt adali kachigawo chabe? Ndipotu iyenso adalowa mochedwa: Kane adayamba kuseweredwa ndi Jon Finch, amene adadwala tsiku loyamba lenileni n'kupezeka ndi matenda a shuga.

Ian Holm chimodzimodzi. Ash atadziwika kuti ndi loboti, mutu wake ukulankhula uli pa tebulo pakati pa mkaka, pasta ndi timawaya. Kanema yenseyu adamangidwa motero, munthu ndi chinthu kusakanikirana. M'kati mwa dzira lija mudali chifu ndi mitima ya ng'ombe, ndipo chimene chikugwedezeka m'menemo ndi manja a Ridley Scott atavala magolovesi a mphira. Cholengedwa chokakamira kumaso chija Ash akuchitumbula, zam'kati zake ndi nkhono za m'nyanja ndi impso ya nkhosa. Kuwala kwabuluu kumene kwayala pamwamba pa mazira kudabwerekedwa kwa oimba a The Who, amene ankayesa magetsi awo a laser m'chipinda choyandikana nacho. Pofuna kuti mtembo waukulu wa m'chombo chachilendo uoneke waukulu kwambiri, adaveka ana zovala za m'mlengalenga, awiri mwa iwo ana a Scott yemweyo. Makoma a Nostromo adakongoletsedwa ndi zidutswa za ndege zakale zimene Roger Christian ndi anzake adakatola kwa ogulitsa zitsulo zotha ntchito. Ndimakonda kanemayu chifukwa cha zimenezi: chilichonse chimene diso likuona chidagwiridwa ndi dzanja, china chinkanunkha ndithu pansi pa magetsiwo. Koma mwa zonsezi, chimodzi chokha ndicho chinkayenera kumvetsa zimene dayilekitala akufuna n'kuzichita ndi thupi lake. Impso ya nkhosa sidaphunzire tai chi.

Pali chinthu china chimene chimandikhalitsa chete ndikachiganizira. Weaver adafotokozapo kuti Scott ankaonetsetsa kuti Badejo asamakhale nawo pa nthawi yopuma, asamamwe nawo tiyi, kuti akadzamuona m'chovala mantha awo adzakhale enieni. Njirayo idagwira ntchito, ndipo timaiona pankhope ya Cartwright pamene chilombo chikumuimirira kutsogolo. Koma taganizani kukhala miyezi pa ntchito imene anzako akucheza uko, iwe uli pa katungwe wekha chifukwa kusungulumwa kwako n'kofunika pa ntchitoyo. Ena amafika ponena kuti kusankha munthu wa ku Africa kuti akhale chilombo, n'kumupatula kwa anzake, ndi tsankho loonekeratu. Ine sindifika pamenepo. Khungu lake silioneka paliponse m'kanemamo, ndipo munthu wakuda amene timamuona, Parker wa Yaphet Kotto, ndi mmodzi mwa oganiza bwino m'chombomo: ndiye amafunsa chifukwa chimene sakumuumitsira Kane mufiriji mpaka akafike kwawo, ndiye amapulumutsa Ripley m'manja mwa Ash, ndipo amafa akuyesa kuteteza Lambert, amene ndi Cartwright uja, pamene akadatha kudzipulumutsa. Mlandu wanga suli pa kusankhidwa kwa Badejo. Uli pa ife okamba nkhaniyi, amene kwa zaka zoposa 40 tapitiriza kumukhazika payekha ngakhale kujambula kudatha kalekale.

Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zichitike pa kanema ameneyu, chifukwa Alien ndi nkhani ya antchito. Anthu a mu Nostromo si ngwazi zovala mayunifomu onyezimira. Amasuta, amadandaula za chakudya, amatopetsana. Atangodzuka, nkhani yoyamba imene Parker ndi Brett, amakanika a pansi pa chombo, akuyambitsa ndi ya bonasi: bwanji iwo amalandira zochepa kuposa a pamwamba? Akakana kupita kumene kuli chizindikirocho, akukumbutsidwa kuti kontirakiti imati wokana ataya malipiro onse. Pamapeto pake Ripley apeza lamulo lachinsinsi la kampani, nambala 937, lonena kuti cholengedwacho afike nacho kwawo zivute zitani, antchito ngakhale atatha palibe kanthu. Aliyense amene adagwirapo ntchito pansi pa bwana amene samudziwa dzina amamva kanemayu m'mafupa. Kutamanda Alien chifukwa choona anthu apansi, kenako n'kulephera kuona amene adali pansi pa chovala, ndi kuonera ndi diso limodzi.

Mu 1980 kanemayu adapata mphoto ya Oscar pa luso la zooneka, ndipo adakailandira ndi Giger, Rambaldi, Brian Johnson, Nick Allder ndi Dennis Ayling. Adayenera. Sindikunena kuti Badejo akadalandira chikho, ndipo sindikunena kuti adali Ian Holm wachiwiri. Ndikunena zochepa kuposa pamenepo: kuti polemba ndi pokamba za osewera a kanemayu tiziwerenga mpaka asanu ndi atatu, ndipo tikafika pa iye tizikamba za mayendedwe ake monga timakambira za mawu a Holm, m'malo mongobwereza za bala ya ku Soho.

Iye sadaseweremonso m'kanema wina. Adabwerera ku Nigeria mu 1980, ndipo mu 1983 adatsegula nyumba yoonetsera ndi kugulitsa zojambula ku Lagos, ntchito imene adaiphunzirira kuyambira pachiyambi. Sadali munthu wotoledwa pamsewu monga nkhani ija imamvekera. Bambo ake adatsogolerapo wailesi ya boma la Nigeria, ndipo iye adakhalapo ku Ethiopia ndi ku America asanafike ku London. Adamwalira pa 22 Disembala 1992 ali ndi zaka 39, ndi matenda a sickle cell, amene ngakhale kuno kwathu mabanja ambiri akuwadziwa. Matendawa munthu amabadwa nawo, ndipo kutentha thupi mpaka kutha madzi ndi chimodzi mwa zimene zimadzutsa ululu wake. Ndiye kuti m'chovala chija, mphindi 15 zilizonse, mudali munthu wonyamula matenda amenewa. Adapita makanema a pa DVD asanabwere, nthawi imene anzake onse adayamba kukhazikidwa pampando kuti afotokoze zimene adakumana nazo. N'chifukwa chake mbali yake ya nkhaniyi imakambidwa ndi ena, ndipo ena akamakamba amasankha zoseketsa.

Wina angati zonsezi n'zakale, masiku ano kompyuta imapanga chilombo chilichonse. Koma onani zimene adachita opanga Alien: Romulus mu 2024. Atafuna cholengedwa choti chiwumitse anthu thupi kumapeto, adakatenga Robert Bobroczkyi, wosewera basketball wa ku Romania wotalika kuposa mamita 2.3, n'kumuveka. M'kanema yemweyo adagwiritsa makina ndi kompyuta kuukitsa nkhope ya Ian Holm, amene adamwalira mu 2020, ndipo oonera ambiri adadandaula kuti sikuoneka yamoyo. Patapita zaka 45, chimene chidagwira anthu pakhosi chidali thupi la munthu wamoyo likuyenda mosayenera munthu, njira imene Badejo adaitsegula.

Amene akukayikabe, umboni ulipo ndipo supempha kuti mundikhulupirire ine. Zithunzi zoyeserera zimene adajambula asanamalize chovala zidasungidwa, ndipo zimapezeka pa intaneti. Mulibe nyimbo za Jerry Goldsmith, mulibe utsi, mulibe dovu, mulibe lumo la Rawlings lobisa zolakwika. Muli Badejo m'kanjira ka Nostromo, thupi lili pamtunda, kumutu atavala chimutu choyeserera. Akuyenda, kunyonyomala, kutambasula zala, kudzuka. Giger ndi Rambaldi mulibemo kwenikweni, ndipo zikuopsabe. Mukaonera zimenezo, kaoneninso imfa ya Lambert ndi Parker, ndipo mudzazindikira mapewa omwewo.